Tambala wa Chifundo ndi Mbale za Mkamwini

Lolemba

Mlungu uno ndaukonza ngati munthu wanzeru. Ndikulemba kuti ndisadzakane.

Loweruka 11 koloko kuli chinkhoswe cha Chifundo, mwana wa achemwali anga, ku Orange Farm. Nkhoswe ya kuchimuna ndine. Malume wake weniweni m'Joni muno ndi ine ndekha, ndipo achemwali sangachoke ku Ntcheu, mwendo uja wakana basi ya masiku awiri. Dzulo ananditumizira mawu pafoni, mphindi zinayi zathunthu osapuma. Mutu wa nkhani: "Ubatizo wa mdzukulu wanga, mwana wa Esinati, unati maselo. Maliro a bambo ake a Chifundo unafika atakwirira kale, unati maselo. Ichi chokha, iwe, usandichititse manyazi."

Ndondomeko:
1. Lero: kudzala maselo m'mbale.
2. Mawa: kuthira mankhwala.
3. Lachinayi: maola 48 akwana, kuwerenga zotsatira.
4. Lachisanu: kumeta, kusita suti, kugula tambala. Nkhoswe ya kuchimuna sipita chimanjamanja. Imapereka tambala wamoyo, akuchikazi n'kubweza msoti.
5. Loweruka: ufulu!

Mpata ulipo wokwanira. Ngakhale satana atachita khama, sangandipeze.

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikudzala maselo a khansa mu labu muno ndi dzanja langali. Mbale yake ndi yapulasitiki, yokwana pachikhatho, ili ndi timaenje 96, ngati bawo la anthu osowa chochita. Ndimatenga pipeti, kachubu kodonthezera, n'kudontheza mtundu uwu mumzere woyamba, mtundu uwo mumzere wachiwiri, mizere yowongoka bwinobwino. Sindinatayepo dontho.

Tsopano a Profesa akuti mizere yangayo ndiye vuto. Akuti timaenje ta m'mphepete timauma msanga, ndiye mtundu umene ndimauika m'mphepete nthawi zonse umaoneka wofooka, chikhalirecho ndi ludzu chabe. Akuti maselo azimwazidwa mwamaere, pasakhale munthu wodziwa kuti uyu ali pati, kupatula kompyuta. "Manja anu ndi abwino," akutero, "koma ali ndi tsankho." Ndakalamba ndi ntchito imeneyi, lero ndi pamene ndikumva kuti ndine watsankho.

Ndiye agula makina. Bokosi lagalasi lalikulu ngati firiji yogoneka, mkati muli mkono umodzi woyenda uku ndi uku. Ine ndawatcha Mkamwini. Wabwera pakhomo pa eni, wapatsidwa malo apawindo, ndipo aliyense akumuyankhula mwaulemu.

Lerato, amene anamuphunzitsa ntchito pakompyuta, wapita ku tchuthi chokachira. Wandisiyira pepala limodzi la malangizo. "It's easy, baba, ngakhale mutatsinzina."

9 koloko. Mbale zinayi, mitundu ya maselo khumi ndi iwiri. Kompyuta yachita maere ake, yatulutsa mapu osonyeza mtundu umene ulowe m'kadzenje kalikonse. Ine makompyuta sindiwakhulupirira. Ndasindikiza mapuwo papepala, ndawamata m'buku lino ndi selotepi. Ukulu ndi umenewu.

Ndadina batani. Mkono wanyamuka monyada, wayamwa maselo, watsika. GWA! Wanyamukanso. GWA!

Zivundikiro! Sindinachotse zivundikiro pambale. Lamulo langa la zaka zonsezi ndi lakuti mbale sikhala yosavundikira, kuopa tizilombo. Dzanja lavundikira lokha, mutu osadziwa. Mkamwini alibe maso. Wabaya chivundikiro, matipi, timilomo take tapulasitiki tija, apindika, maselo amwazikira pagalasi. Iye wangoima chopendekera n'kumalira pii, pii, ngati wolakwiridwa ndi iyeyo.

Wokonza akuti abwera mawa. Mwayi wake maselo ndinawagawa patatu, munthu wa ku Ntcheu sadya mbewu yonse. Mawa kudzala, Lachisanu kuwerenga. Loweruka likadali langa.

Lachiwiri

Wokonza wafika 10 koloko. Mphindi makumi awiri, mkono wawongoka. Wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Lids off, chief." Ndamva, bambo. Labu yonse yamva.

11:30 ndadina batani. Zivundikiro ndachotsa, mtima ukuwawa. Kompyuta ikuti ntchito itenga maola awiri. Maola awiri! Mbale zinayi ine ndimamaliza tiyi asanazizire. Koma iye amayenda kadzenje kamodzikamodzi, kuno, uko, kunonso.

Ndiye ndaganiza. Lachisanu ladyedwa kale ndi kuwerenga, tambala ndigule lero. Kodi makina sanawagulire zimenezi, kuti munthu azitha kutuluka?

Takisi mpaka ku Jeppe. Amayi ogulitsa nkhuku kuseri kwa hositelo andionetsa atambala atatu. Ndasankha wofiira, wachitsukwa chakuda, wamaso amwano. Tambala woti akuchikazi akamuona adziwe kuti mwanayu ali ndi eni ake. Ndamusiya m'chipinda changa, ndamumanga mwendo ku bedi, ndamuikira madzi m'chivundikiro cha poto.

2:30 ndafika kuntchito. Ndili pakhomo ndikumva kale. Pii, pii, pii.

Matipi atha. Mkamwini amataya tipi akangodontheza kamodzi, ngati mwana wa bwana. Ine bokosi limodzi limandikwanira mlungu. Iye wameza mabokosi awiri, waima pakati pa mbale yachiwiri, ndipo wakhala akulira chiyambire 12:20 m'chipinda mopanda munthu. Maselo akhala pozizira nthawi yonseyi. Pa maikolosikopu akuoneka ozungulira, ofota, okwiya. Theka afa.

A Profesa abwera. Angotsegula kabati, andionetsa mabokosi a matipi, atseka kabati. Bola akanakalipa.

Madzulo Chifundo waimba. "Amalume, zili bwanji?" Ndati zonse zili m'manja, tambala ndagula kale, woopsa. "Kuntchito kuli bwino?" Ndati kuli bwino, kungoti makina atsopano akuvutavuta pang'ono, za ziii. "Oho," watero. Mwana waulemu, safunsa zambiri.

Zotsala:
Mbewu: gawo limodzi, lomaliza.
Masiku apadera: palibe.
Tambala: wadya ngodya ya kapeti.

Lachitatu

Tambala uyu sadziwa kuti ali m'tauni. Wayamba kulira kusanache, ndipo m'nyumba yosanja mawu amakwera masitepe. Wa chipinda chapamwamba wagogoda pansi ndi tsache. Woyang'anira nyumba wandidikira pageti atavala chipewa chogonera. Ndamuuza kuti ndi za mwambo. Akuti mwambo uzilira kwathu.

7:30 mu labu. Lero sindiphonya.
Zivundikiro: zachotsedwa.
Matipi: mabokosi asanu.
Tiyi: sindinamwe dala, kuti ndisatuluke.
Ine: pampando, mphuno pagalasi.

8 koloko ndadina. Kompyuta yafunsa kafunso kake ka masiku onse m'kabokosi, ndavomera.

Maola awiri ndikuonerera Mkamwini akugwira ntchito yanga. B7. H2. A11. D4. H3. Akuyenda ngati woledzera wofunafuna khomo lake. Maso anga akufuna mzere, mzere palibe. Kawiri konse dzanja lanyamuka lokha kufuna kumuwongolera.

Koma ndinene zoona, poti bukuli ndi langa. Madontho ake ndi ofanana. Onse 384. Satopa, sayetsemula, saganiza za achemwali ake. Pofika mbale yachinayi ine dzanja limakhala litayamba kunjenjemera pang'ono, ndipo sindinauzepo munthu. Ndamuchitira nsanje, bokosi lagalasi. Ndi pamene ndafika.

10:05 wamaliza. Mbale zinayi zalowa mu inkyubeta, motentha ngati thupi la munthu. Maselo akhala pansi bwinobwino.

Masamu:
Mankhwala: mawa 8 koloko.
Maola 48: Loweruka 8 koloko.

Loweruka. Ndawerenga ndi zala katatu, yankho silikusintha.

Ndafunsa a Profesa ngati tingawerenge Lachisanu madzulo. "Maola 48 ndi 48." Andifunsa ngati pali wina amene angandiwerengere. Alipo, Sipho wa labu yoyandikana nayo, munthu wabwino ndithu. Ndati ayi, ndichita ndekha. Sipho amagwira mbale ngati akugwira sangweji.

Zitheka. Kuwerenga ndi ola limodzi ndi pang'ono. 9:30 ndatuluka, 10 koloko ndili m'takisi, 11 ndafika. Chinkhoswe chinayamba chayambapo pa nthawi yake kuti?

Lachinayi

Mankhwala ndathira ndekha, ndi dzanja. Mbale ziwiri zalandira, ziwiri ayi, muyezo umodzi kadzenje kalikonse, ndiye maere safunika. Mphindi khumi ndi ziwiri. Mkamwini wangoyang'ana. Ndamva ngati munthu.

Masana andiimbira a Tembo, bambo wa ku Chipata amene amakonza mipope, woyandikana nyumba ndi Chifundo ku Orange Farm. Tinaonanapo kawiri. Akuti akungofuna kudziwa: "Imwe a ku Malawi, popereka tambala mumakamba bwanji?"

Ha! Afunsa mwini wake. Ndawafotokozera zonse. Kuti sulankhula utaimirira ngati wapolisi. Kuti umayamba wathokoza eni mudzi, ngakhale mudziwo ndi tenti ya hayala. Kuti akuchikazi amabweretsa atsikana atawafunditsa zitenje kumutu, ndipo woyamba sakhala mkwatibwi, ndiye umakana mwaulemu mpaka atatulutsa weniweniyo. Kuti popereka tambala umati: mwana wathu tamulera, kulira amadziwa, koma khola alibe. Mawu amenewa ndawakonza milungu itatu m'takisi.

"Bwerezani pang'onopang'ono," akutero a Tembo. Ndikumva akulemba. Ndabwereza kawiri. Anthu a ku Zambia amakonda kuphunzira, ndawayamikira.

Kunyumba:
Tambala wamasula chingwe.
Wagona pa suti.
Sanangogona.

Ndachapa phewa la jekete ndi sopo wa mbale. Woyang'anira nyumba akuti Loweruka pachoke mmodzi, tambala kapena ine. Ndamuuza kuti Loweruka tichoka tonse awiri, ndibwera ndi msoti. Msoti sulira. Sanaseke.

Ndatopa mpaka m'mafupa. Koma masiku atsala awiri, ndipo maselo akukula.

Lachisanu

Alendo. Palibe anandiuza. Anthu asanu ovala bwino, amene anathandiza kugula makina, abwera kudzaona mwana wawo. A Profesa avala ndolo.

"Aonetseni ndi madzi amitundu," akutero. Ndasungunula utoto wa keke, wabuluu, wofiira, wachikasu. Mbale yatsopano, yopanda maselo. Zivundikiro ndachotsa, sindine mwana. Kompyuta yafunsa kafunso kake kaja, ndavomera msanga, alendo akudikira.

Mkamwini lero wavina. Buluu apa, kufiira apo, mbale yatuluka ngati chitenje. Alendo aombera m'manja. Kuombera m'manja makina! Mayi wina wajambula, wandipempha kuti ndisunthe pang'ono chifukwa ndikutchinga. Zaka khumi ndi chimodzi, palibe anandiomberapo m'manja. Ndasuntha.

Atapita ndasuzumira mbale zanga zenizeni. Zokongola. M'mbale zopanda mankhwala maselo adzaza. M'zamankhwala, timaenje tina mwayera, tina mukadali moyo. Ndiye kuti mankhwalawa akugwira mitundu ina, ina ayi. Chimene a Profesa akhala akufuna kudziwa chaka chonse chili m'menemo. Mawa ndingofananiza ndi mapu, basi.

Ndameta. Wometa akuti imvi zachuluka chiyambire mwezi watha. Sindinamufunse.

Achemwali atumiza mawu, mphindi ziwiri zokha. Akuti agula mayunitsi kuti aonere mwambowo pafoni, Esinati aziwajambulira ali komweko. Akuti ndisaiwale kuti bambo ake a Chifundo kulibe, ndiye anthu akayang'ana kuchimuna aziona ine. Ndamvetsera kawiri. Ndayankha kuti mawa ndi mawa.

Tambala ndamupezera katoni, ndabowola mabowo asanu ndi atatu. Mumzere.

Loweruka

6:30. Suti, tayi, katoni m'khwapa. M'takisi aliyense akuyang'ana katoni. Katoni akuyang'ananso.

7:20. Mlonda wa pageti la kuntchito watambasula dzanja. "Inkukhu ayingeni lapha, baba." Akuti nkhuku silowa muno, ndipo akunena zoona, nkhuku ndi maselo siziyenderana. Wavomera kundisungira m'kanyumba kake.

8:00. Jasi loyera pamwamba pa suti. Ndathira utoto woyezera, ndadikira, ndalowetsa mbale m'makina owerengera.

9:10. Manambala atuluka! Oyera, omveka. Ndatha. Ndikhoza kuvula jasi pompano n'kumapita.

9:12. Mphindi zisanu zokha. Ndingofananiza ndi mapu anga a m'buku, ndinyamuke mtima uli m'malo.

9:25. Sizikugwirizana. Mtundu umodzi womwewo, kadzenje aka wafa, kadzenje ako wasangalala. Mitundu yonse khumi ndi iwiri chimodzimodzi. Ndatembenuza pepala, mwina ndagwira chadodolido. Ayi.

9:30. Ndatsegula mapu a pakompyuta. A1: buluu. A2: chikasu. A3: buluu.

9:34. Ndalembera Lerato. Wayankha ndi mawu, khanda likulira kumbuyo. "Eish, baba. Mukadina batani amachita maere atsopano, mapu akale amafufutika. Kafunso kaja kamafunsa zimenezo. Mumayenera kusunga kaye. Line seven, pa pepala lija."

Pepala lili ndi mizere isanu ndi umodzi. Ndalitembenuza. Kuseri kuli mzere wachisanu ndi chiwiri.

Ndiye kuti mapu amene ndinamata ndi selotepi ndi a Lolemba, a maselo amene anathera pagalasi. A Lachitatu ndinawafufuta ndekha dzulo, alendo akuombera m'manja.

9:40. Ndikanyamuka tsopano ndifika bwinobwino. Ndikudziwa. Ndikulemba kuti ndikudziwa.

Koma maselo awa ndawalera ine. Ndimawadziwa nkhope. Mtundu wachitatu ndi wautali, wosongoka ngati usipa. Wachisanu ndi chinayi umakonda kuunjikana. Kompyuta yaiwala, ine sindingaiwale. Theka la ola pa maikolosikopu, mapu ndiwabweza ndi maso angawa, ndipo Lolemba a Profesa aone kusiyana kwa munthu ndi bokosi.

10:30. Timaenje 23. Zikuyenda.

11:15. Foni ikunjenjemera m'thumba la jekete. Ndavala magolovesi. Ndiimba ndikamaliza mzere uno.

12:00. Timaenje 41 mwa 384. Totsimikiza: 9. Mwina 6. Mankhwala awasintha nkhope, onse akuoneka ngati usipa. Maso akutuluka misozi, ndikuti ndi kuwala kwa maikolosikopu.

12:35. Ndazimitsa maikolosikopu. Foni ili zii, inalira kamodzi kokha kaja. Anali achemwali.

Mlonda akuti tambala wamujompha chala. Ku renki takisi ikudikira anthu atatu kuti idzaze. Ndakhala ndi katoni pamiyendo, thukuta likuyenda m'suti. Msewu wa ku Orange Farm sunatalikepo chonchi.

2:40. Tenti yoyera, nyimbo, anthu akudya. Ndalowa ndi katoni wanga, ndikukonza mawu opepesa. Kutsogolo, pampando wa nkhoswe ya kuchimuna, pakhala a Tembo. Suti yabuluu, duwa pachifuwa. Pansi pa mpando wawo pali msoti womangidwa miyendo. Kuchikazi kuli tambala woyera, wonenepa, waulemu.

Chifundo wandiona, wabwera, wandikumbatira pamodzi ndi katoni. Nkhope yake yowala, mulibe mkwiyo ngakhale pang'ono. "Amalume, mwafika! Musadandaule, zonse zayenda bwino. Tinadziwa. A Tembo tinawapempha Lachiwiri, mutangotchula za makina. Tambala anagula Lachitatu."

Lachiwiri.

Agogo ake a Zanele, mkwatibwi, ndi bambo wokalamba wa ku Malawi amene anabwera kuno nthawi ya migodi ndipo sanabwererenso kumudzi. Andigwira dzanja osadziwa kuti ndine yani. Akuti nkhoswe ya mnyamatayu yalankhula mawu a kwathu enieni, mpaka iwo misozi. "Kulira amadziwa, koma khola alibe! Mwaimva imeneyo?" Ndati ndaimva, ndi yabwino.

Andipatsa mbale ya mpunga ndi mpando umene unapezeka, kumbuyo, pafupi ndi sipika. Katoni ndamuika pakati pa miyendo. Palibe wandifunsa kuti muli chiyani.

Lamulungu

Tambala walira pa nthawi yake. Wa pamwamba sanagogode, mwina wazolowera. Woyang'anira nyumba anandiona ndikubwera ndi katoni dzulo, anangopukusa mutu. Lero sanatuluke.

Achemwali sanatumize mawu. Ndayang'ana foni kasanu. Mphindi zinayi zija ndikanazilandira ndi manja awiri. Kwabwera chithunzi chimodzi chokha kuchokera kwa Esinati: Chifundo, Zanele, a Tembo pakati. Chatuluka bwino.

10 koloko ndili mu labu. Maselo sadziwa Lamulungu. Ndatulutsa mbewu yatsopano mufiriji, ndaisungunula, ndaidyetsa. Milungu iwiri kuti ikule. Mbale zinayi zija ndazitaya m'thumba lofiira. Manambala ake ndawasunga, sindikudziwa chifukwa chake, ndi abwino kwambiri koma alibe mayina.

A Profesa ayankha uthenga wanga ndi mawu ochepa: tiyambiranso, ndipo ulendo uno Sipho athandize. Ndavomera.

Mzere wachisanu ndi chiwiri ndaulemba ndi zilembo zazikulu, ndaumata pagalasi la Mkamwini. Iye wangokhala, mkono uli m'mwamba, woyera, wosalakwa. Ndinafuna kumukwiyira koma mphamvu ndilibe. Iye anandifunsa ndithu, katatu konse.

Zogula pobwerera:
Buledi.
Sopo.
Chimanga cha tambala, kathumba kakang'ono. Ayi, kakakulu.

Madzulo ndaimbira Chifundo. Ndayamba kupepesa, wandidula. Akuti zinatha, amalume, musaziganizire. Ukwati wa kutchalitchi uliko miyezi itatu ikubwerayi, Loweruka. Ndamufunsa kuti ntchito yanga ikhala yotani tsiku limenelo, kuti ndiyambiretu kukonzeka. "Oho," watero, ngati Lachiwiri lija.

"Mungobwera, amalume. Mukapeza mpata."

Tsikulo ndalilemba m'buku. Ndi pensulo.